Filimu imene eni ake adataya mbewu yake

M'mwezi wa December chaka cha 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha kumene, kampani ya 20th Century-Fox ya ku America idatulutsa filimu yotchedwa Leave Her to Heaven. Anthu adakhamukira kunyumba zoonetsera kanema mwaunyinji, moti pa mafilimu onse amene kampaniyi idapanga m'zaka za m'ma 1940, palibe ina idalowetsa ndalama zochuluka kuposa imeneyi. Tsono munthu ungaganize kuti chuma chotere eni ake adachisamala ngati dzira. Ayi ndithu. Patapita zaka pafupifupi 30, kampani yomweyo idataya manegetivu enieni a filimuyi, aja adatuluka m'kamera. Kuchokera nthawi imeneyo, aliyense woonera Leave Her to Heaven kunyumba, kaya pa kaseti ya vidiyo, kaya pa DVD, kaya pa Blu-ray, akuona mdzukulu wa filimuyo, osati mwini wakeyo.

Wina afunsa kuti, nanga vuto lili pati, poti nkhani ikumveka ndipo nkhope za anthu zikuoneka? Funsoli nlabwino. Koma kuti tiliyankhe, tiyambe taimva nkhaniyo.

Idachokera m'buku la Ben Ames Williams la mu 1944, ndipo amene adailemba kuti ikhale filimu ndi Jo Swerling. Dzina lake adalitapa m'sewero la Hamlet la William Shakespeare, paja pamene mzimu wa mfumu ukulangiza mwana wake kuti asabwezere choipa kwa mayi ake, koma awasiye Kumwamba kukawaweruze.

Richard Harland, mlembi wa mabuku, adakumana ndi Ellen Berent m'sitima yopita ku New Mexico. Gawo la Richard adasewera ndi Cornel Wilde, la Ellen ndi Gene Tierney. Ellen adali kuwerenga buku la Richard, osadziwa kuti mwini bukulo wakhala pamaso pake. Adamuyang'ana dwii, kenaka nkumuuza kuti akufanana kwambiri ndi malemu bambo ake. Patangopita masiku ochepa, Richard adamuona Ellen atakwera kavalo m'mapiri m'mawa kukucha, akumwaza phulusa la bambo akewo uku ndi uku, nkhope ili gwa. Mwamuna wochenjera akadathawa pomwepo. Koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ellen adavula mphete ya bwenzi lake, loya Russell Quinton, ndipo ndi iyeyo, mkazi, amene adafunsira Richard banja.

Ellen sadali wakuba, sadali wachimasomaso, ndipo chuma adali nacho kale. Matenda ake adali amodzi basi: sadafune kugawana mwamuna wake ndi munthu wina aliyense, ngakhale wantchito wophika. Ndiye panali Danny, mng'ono wa Richard, mnyamata wolumala miyendo ndi poliyo, yemwe mkulu wakeyo ankamukonda kwabasi. Atatuwa adakakhala kunyumba ya m'nkhalango yotchedwa Back of the Moon, m'mphepete mwa nyanja ina yaing'ono ku Maine.

Apa ndi pamene pali chithunzi chomwe chidatchukitsa filimuyi. Ellen ankamulimbikitsa mlamu wakeyo kusambira kuti tsiku lina adzadabwitse mkulu wake powoloka nyanjayo. Tsikulo dzuwa lidali ngwee, madzi ali bata, mitengo ya m'mbali ili biriwiri. Danny ali m'madzi, Ellen akumutsatira pambuyo m'bwato, atavala chovala choyera mbee ndi magalasi akuda, milomo ili psuu. Ali pakatikati mnyamatayo adatopa, m'mimba mudamukoka, nayamba kuitana mlamu wake. Ellen sadamukankhe, sadamumenye ndi nkhafi. Adangosiya kupalasa, nakhala phee. Mnyamatayo adamira, adavuuka, adamiranso. Nyimbo za m'filimuyi adapeka ndi Alfred Newman, koma pamalo amenewa palibe ngakhale kanyimbo: kukungomveka madzi ndi mawu a mwanayo. Atamva kuti Richard akubwera cha kumtunda, m'pamene Ellen adavula magalasi aja nkudziponya m'madzi ngati wofuna kupulumutsa.

Zotsatira zake zidabwera mwamsangamsanga. Ellen adatenga pakati pofuna kubweza mtima wa mwamuna wake, koma ataona kuti mwanayo adzakhalanso wogawana naye chikondi, adadzigwetsa dala pamasitepe, pathupi nkupita padera. Atazindikira kuti Richard wayamba kutsamira kwa Ruth, msuweni wake yemwe adaleredwa m'nyumba mwawo ngati mng'ono wake, adamwa poizoni atakonzeratu zonse kuti mlandu ukagwere Ruth. Kubwalo la milandu woimira boma adali Russell Quinton yemwe uja, gawo lomwe adasewera Vincent Price. Ruth, yemwe ndi Jeanne Crain, adapezeka wosalakwa, koma Richard adalamulidwa kukakhala kundende zaka ziwiri chifukwa chobisa zomwe ankadziwa pa imfa ya mng'ono wake. Masiku amenewo malamulo a Hollywood, omwe Joseph Breen ankawalondera kuyambira mu 1934, sankalola kuti wochimwa m'filimu apulumuke osalangidwa.

Tsono mvetsetsani apa. M'chaka cha 1946, wounika mafilimu wa ku France, Nino Frank, ataona mafilimu a ku America omwe sankafika ku Paris nthawi ya nkhondo, monga The Maltese Falcon, Double Indemnity ndi Laura, adawatchula kuti film noir, kutanthauza filimu yakuda. Adali mafilimu opanda mitundu, a usiku, a misewu yonyowa ndi mvula, a zithunzithunzi zazitali pakhoma, momwe choipa chimabisala mumdima. Leave Her to Heaven ili ndi mtima womwewo, koma idatembenuza zinthu. Muno choipa chikuchitika masanasana, m'nyumba zokongola, pakati pa maluwa. Wotsogolera filimuyi, John M. Stahl, sadali munthu wa mafilimu a zigawenga ayi. Adatchuka ndi nkhani za m'banja zokhetsa misozi, monga Back Street ya mu 1932, Imitation of Life ya mu 1934 ndi Magnificent Obsession ya mu 1935. Iye pamodzi ndi wojambula wake, Leon Shamroy, adachotsa mdima uja, ndipo ntchito yoopseza woonera adaipereka kwa mitundu. Kufiira kwa milomo ya Ellen, kuyera kwa chovala chake m'bwato, buluu wa zovala zomwe adavala pokadzigwetsa pamasitepe, zonsezi si zokometsera chabe. Ndizo zikunena nkhaniyo. Shamroy adalandira nayo mphotho ya Oscar, imodzi mwa zinayi zomwe adapata m'moyo wake. Tierney adapikisana nawo pa mphotho ya mkazi wosewera bwino, koma idapita kwa Joan Crawford wa mu Mildred Pierce.

Ndiye yankho la funso lija ndi limeneli: filimu iyi ukaisulutsa mitundu, waidula lilime.

Kodi mitunduyo ankaipanga bwanji? Kamera ya Technicolor idali chimphona, ndipo kampani yopanga filimu sinkaigula, inkachita kubwereka, pamodzi ndi mlangizi wa mitundu. Kwa zaka zambiri dzina la mlangiziyo pa mafilimu lidali la Natalie Kalmus. M'kati mwa kameramo munkayenda mafilimu atatu nthawi imodzi. Kuwala kukalowa, kagalasi kena kankakugawa pawiri: gawo limodzi linkapita pa filimu yolemba zobiriwira, gawo linalo pa mafilimu awiri ophatikizana, ina yolemba za buluu, ina zofiira. Chodabwitsa nchakuti manegetivu atatu onsewa adali opanda mtundu, akuda ndi oyera basi. Pachifukwa ichi sakadasuluka, pakuti munalibe utoto woti usuluke. Adali ngati kaundula wosunga kuchuluka kwa mtundu uliwonse pamalo aliwonse a chithunzi.

Utoto unkabwera pambuyo, kufakitale. Kuchokera pa negetivu iliyonse ankapanga filimu ina yokhala ngati chidindo, nkuiviika mu utoto wake: wachikasu, wofiirira ngati pinki wakupsa, ndi wabuluu wobiriwirako. Zidindo zitatuzo ankazidinda motsatizana pa filimu imodzi, monga momwe amadindira maluwa pa chitenje. Utoto umenewu udali wokhalitsa zedi, moti makope ena omwe adadindidwa m'zaka za m'ma 1940 akadali owala mpaka lero. Filimu yaitali yoyamba kujambulidwa yonse mwa njira imeneyi idali Becky Sharp ya mu 1935.

Koma padali chilema chimodzi. Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, mafilimu ankapangidwa ndi nitrate, msuweni wake wa wonga wa mfuti. Nitrate ikagwira moto siizima ngakhale muimize m'madzi, ndipo ikasungidwa potentha imawola, imayamba kumata, mapeto ake nkusanduka ufa. A Fox ankazidziwa bwino zimenezi. Pa 9 July 1937, nyengo yotentha kwambiri, nyumba yawo yosungiramo mafilimu ku Little Ferry, m'boma la New Jersey, idaphulika ndi moto. Mipukutu yoposa 40,000 idapsa, ndipo mafilimu ambiri a Fox a nthawi ija kanema asanayambe kulankhula adathera pomwepo, kuphatikizapo ochuluka a Theda Bara. Choncho mantha awo pa nitrate sadali opanda pake.

Kenaka dziko lidasintha. Mu 1950 kampani ya Kodak idabweretsa Eastmancolor, filimu imodzi yokha yotenga mitundu yonse, yolowa m'kamera wamba. Pofika mu 1955 makamera a mafilimu atatu aja adali atapumitsidwa, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1970 Technicolor idasiya kudinda utoto ku Hollywood. M'maso mwa owerengera ndalama, filimu ngati Leave Her to Heaven idasanduka mtolo: zitini zake zochuluka katatu kuposa za filimu wamba, zofuna nyumba yozizira, komanso zotha kuyaka tsiku lililonse. M'zaka za m'ma 1970 zomwezo, Fox idaganiza zothana nawo mtolowo. Idakopera mafilimu ake a nitrate pa filimu yatsopano yosayaka, ndipo manegetivu atatuatatu a Technicolor idawaphatikiza pa filimu imodzi yamitundu yotchedwa CRI. Itatero, idataya eni akewo.

Mlimi amene wakazinga mbewu yake poti nkhokwe yadzaza timamuseka. Koma izi zidachitika kukampani yaikulu, yodzaza ndi anthu ophunzira.

Kuonongeka kwake kudali patatu. Choyamba, manegetivu atatu aja pokalamba amafota mosiyana, ndiye powaphatikiza ndi makina a nthawi imeneyo sankagwirizana ndendende. Penapake m'mphepete mwa nkhope kapena mwa mtengo mumaoneka kamzere kofiira kapena kobiriwira, ndipo poti zidaphikidwira kumodzi, kuzilekanitsanso nkovuta. Chachiwiri, chithunzi chikamakopedwa chimauma: zakuda zimada kwambiri, zoyera zimayera kwambiri, ndipo tinthu tating'ono tomwe tidali mumthunzi timamira. Chachitatu ndiye chopweteka: filimu yatsopanoyo, yomwe ankati ndiyo chipulumutso, idali ndi utoto wosakhalitsa. Adataya chinthu chosasuluka nkusunga chosuluka.

Kuti muone kukula kwa tsokali, yang'anani kwa anansi. Kampani ya MGM idapereka manegetivu ake ambiri a nitrate kunyumba yosungira zakale ya George Eastman House ku Rochester, New York. Makompyuta atafika, akatswiri a Warner Bros. adatha kujambula negetivu iliyonse payokhapayokha nkuzilumikiza mwandendende kuposa momwe makina akale akadathera. Nchifukwa chake The Wizard of Oz ndi Gone with the Wind, onse a mu 1939, amaoneka ngati ajambulidwa dzulo. Chimodzimodzinso The Red Shoes ya ku Britain ya mu 1948, yomwe idakonzedwanso ku UCLA kuchokera ku manegetivu ake enieni nkuonetsedwa ku Cannes mu 2009. Mafilimu awa ndi akulu kapena amsinkhu umodzi ndi Leave Her to Heaven. Kusiyana kwake nkwakuti kwawoko wina adasunga mbewu.

Amene adakuwa mokweza za kusuluka kwa mafilimu ndi Martin Scorsese. Mu 1980 adasonkhanitsa anzake opanga mafilimu kuti akakamize Kodak kupanga filimu ya utoto wokhalitsa, ndipo mu 1990 adayambitsa bungwe la The Film Foundation lothandiza kupulumutsa mafilimu akale. Leave Her to Heaven ndi imodzi mwa mafilimu omwe iye amawakonda kwambiri.

Tsopano tifike kunyumba. Poyamba filimuyi inkaoneka pa wailesi ya kanema ndi pa kaseti ya VHS. Aliyense amene adakhalapo pabenchi m'vidiyo sho za m'matauni athu ano akudziwa khalidwe la kaseti: mtundu wofiira sukhala malo amodzi, umatayikira m'mbali ngati inki pa pepala lonyowa, makamaka kasetiyo ikakhala yokopedwa kuchokera ku inzake. Tangoganizani zimenezo pa filimu yomwe mphamvu yake ili pa milomo yofiira! Woonera wa nthawi imeneyo ankaona mkazi wokongola woipa mtima basi, osadziwa kuti ntchito ya Shamroy yatsalira panjira. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa.

Mu 2005 Fox idatulutsa filimuyi pa DVD, m'gulu la mafilimu ake akale lotchedwa Studio Classics. Chithunzi chidayera, mitundu idakhazikika, ngakhale kuti gwero lake lidali lomwe lija lopunduka. Chokoma pa chimbale chimenechi ndi mawu ofotokozera omwe munthu angamvere filimu ili m'kati, a wounika mafilimu Richard Schickel ndi a Darryl Hickman, yemwe adasewera ngati Danny ali mnyamata. Hickman adamwalira mu 2024, choncho mawu amenewa tsopano ndi umboni wa munthu amene adalowadi m'madzi aja. Nyanjayo kwenikweni si ya ku Maine ayi, ndi Bass Lake ya ku California, monganso mapiri aja ati ndi a ku New Mexico adawajambula ku Arizona.

Mu 2006 Fox, mogwirizana ndi Academy Film Archive ndi The Film Foundation, idakonzanso filimuyi, ndipo chaka chotsatira Scorsese adakaionetsa pa chikondwerero cha mafilimu cha ku New York. Ntchito yotere ili ngati ya sing'anga wochiza bala lakale. Akatswiri amajambula chithunzi chilichonse nkuchilowetsa m'kompyuta, amachotsa fumbi ndi mikwingwirima, amayesa kukokera mitundu itatu ija pamalo amodzi, kenaka amabwezeretsa utoto womwe udasuluka. Zambiri zimatheka ndithu. Koma kompyuta siingabweze chinthu chomwe sichidalembedwe pa kope lomwe yapatsidwa. Tsinde la tsitsi lomwe lidamira mumthunzi m'zaka za m'ma 1970 lidamira basi.

Pa Blu-ray filimuyi idatuluka koyamba mu 2013 kudzera ku kampani yaing'ono ya Twilight Time, yomwe inkadinda makope 3,000 okha a filimu iliyonse. Idasunga mawu a Hickman ndi Schickel aja, nkuwonjezera mwayi womvera nyimbo za Newman pazokha. M'mwezi wa March 2020 kampani ya Criterion nayo idatulutsa yake, yochokera ku ntchito ya mabungwe atatu aja, pa mlingo wotchedwa 2K. Ili ndi kucheza ndi wounika mafilimu Imogen Sara Smith komanso nkhani yolembedwa ndi Megan Abbott, koma mawu a Hickman mulibe.

Nanga chithunzicho nchotani? Tinene chilungamo: nchokongola. Woonera koyamba adzatsegula pakamwa poona nyanja ija, kavalo uja m'mapiri, ndi maso a Tierney. Kuyerekeza ndi kaseti kapena DVD, ndi usiku ndi usana. Koma woyang'anitsitsa adzaona kuti khungu la anthu nthawi zina likuoneka ngati lapakidwa phula, kuti mithunzi ndi yolemera yopanda kanthu m'kati, ndi kuti chithunzi chili ndi kufewa kwina komwe mafilimu a MGM aja alibe. Wosadziwa mbiri angadzudzule a Criterion kuti adagwira ntchito mwaulesi. Kumeneko nkulakwira osalakwa. Wophika sangapose ufa womwe wapatsidwa, ndipo ufawu udaonongeka ena mwa akatswiriwa asanabadwe. Ngakhale mawa wina atatulutsa chimbale cha 4K, adzakhala akukuza chithunzi cha mdzukulu yemwe uja.

Mu 2018 Library of Congress idaika Leave Her to Heaven m'kaundula wa mafilimu ofunika kusungidwa ku America, ndipo mu 2019 kampani ya Disney idagula Fox pamodzi ndi nkhokwe yake yonse ya mafilimu. Ulemu udafika, koma udapeza maliro ataikidwa kale.

Anthu omwe adalamula kuti manegetivu aja atayidwe sadali adani a kanema. Ankakhulupirira kuti luso la m'nthawi yawo ndilo lomaliza, kuti kope latsopano nlofanana ndi mwini wake, ndi kuti filimu ya zaka 30 idamaliza kale ntchito yake. Sadalote kuti kudzabwera kaseti, DVD ndi Blu-ray zomwe zidzasandutse mafilimu akale kukhala malonda atsopano, kapena kuti kudzakhala makina otha kuwerenga negetivu yakale bwino kuposa diso la munthu. Maganizo omwewo sadafe. Amamveka paliponse pamene wina akuti, tazilowetsa kale m'kompyuta, zakalezi zikungodya malo, kazitayeni. Fox idatero, ndipo madzi akatayika saoleka.

Choncho mukaipeza filimuyi, ioneni, makamaka pa Blu-ray, usiku, nyali zitazimitsidwa. Mukafika pa Ellen ali phee m'bwato muja, mudzazizidwa nkhongono monga adachitira anthu a mu 1945. Kungoti kufiira komwe mudzaone pamilomo pake ndi kwa akatswiri omwe adayesetsa kulondola mapazi a Shamroy. Kufiira kwenikweni kuja kudali m'zitini zomwe zidatayidwa.